Chigubu Chothirira Maluwa a Abwana

Chigubu chija chidali chachikasu, cha malita asanu, ndipo kale munkakhala mafuta ophikira. Amayi adatenga msomali, nkuuika pamakala mpaka udafiira, nkuboola nawo timabowo pachitsekerero chake. Fungo la pulasitiki wopserera lidakhala m'nyumba mpaka m'mawa mwake. Ukachipendeketsa, madzi ankatuluka mowaza, osakumba dothi. Chogwirira chake chidali chong'aluka, ndipo chinkatsina chala chapakati ukachinyamula chodzaza. Mpaka lero ndikaona chigubu chotere pamsika, chala chimenecho chimayamba kunyerenyetsa.

Chilimwe chimenecho ndidali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala awiri, ine ndi amayi, m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika pa boma la Ntchisi. Bambo adapita ku maesiteti a fodya ine ndili kumsana, ndipo njira yobwerera adaiiwala. Amayi ankagwira ntchito pa ofesi ya bungwe lina lomwe sindilitchula, nyumba ya zipinda zinayi pakamtunda. Ankasesa, kukolopa, kuwiritsa tiyi, kutsuka makapu ndi kutumidwa mandasi. Popeza ndiwo ankayamba kufika, kiyi wa chitseko chakutsogolo ankakhala m'khosi mwawo, pachingwe, pafupi ndi kolona.

Ntchito imeneyo ndiyo inkatisunga pa boma. Popanda iyo kwathu kudali kumudzi, kupitirira Malomo, komwe sukulu idali kutsidya kwa mitsinje iwiri, ndipo mvula ikayamba ana ankangokhala. Amayi ankakonda kundiloza ndi tsache nkumati, "Cholembera chako ndi ichi." Ndinkayesa nthabwala.

Abwana atsopano adafika mu Ogasiti, mphepo yafumbi itayamba kale kulowa m'mano. Adali munthu waukhondo, wa nsapato zonyezimira, wolankhula mofatsa ngati wansembe. Patapita masabata awiri adabwera kuchokera ku Lilongwe ndi miphika isanu ndi iwiri kumbuyo kwa galimoto, uliwonse ndi chomera chake. Adasonkhanitsa antchito pakhonde nkuwafotokozera zomwe adakaphunzira kumsonkhano wa kuhotela. Adati zomera za muofesi zimatsitsimutsa mtima, zimagwira fumbi, zimapumitsa maso, ndipo munthu wokhala pafupi nazo amagwira ntchito mokondwa ndi mwachangu. Mawu omwewo adawalembetsa papepala m'Chingerezi nkulimata pakhoma. Kenaka adatembenukira kwa amayi, omwe adaima kumapeto ndi tsache m'manja.

"Mayi, kuyambira lero awa ndi ana anu. Asasowe madzi, asatuluke panja. Limodzi likangofa, nanunso mwafa."

Onse adaseka. Amayi nawonso adaseka, pakuti abwana akaseka wosesa sakhala ndi nkhope ina. Ine ndidamva nkhaniyi madzulo ake, amayi akuwotcha msomali uja, ndipo pobwereza mawuwo sadaseke. Zoti asatuluke panja ndidazimvetsa msanga mwanzeru zanga. Kwathu chinthu chimalowetsedwa m'nyumba pazifukwa ziwiri, akuba ndi mbuzi. Chifukwa china sindidachiganizeko, ndipo palibe adaona kuti nkofunika kutiuza.

Tinkawatcha maluwa ngakhale sindidaonepo duwa ndi limodzi lomwe. Maina awo enieni adali patimapepala tolendewera, maina aatali osatchulika, choncho amayi adawapatsa awoawo. Loyanga pazenera adalitcha Kholowa, chifukwa linkayenda ngati mbatata. La masamba olimba osongoka lidali Kakhonje. Padali Kaanyezi, padali Chinangwa, padali tiwiri tamasamba osalala tomwe adangoti Mapasa. Lalikulu kuposa onse, la masamba otambalala a mawanga oyera, linkaima pafupi ndi tebulo la abwana mumphika wonyezimira wa kusitolo. Limeneli ankalitcha Wamkulu, ndipo polipukuta ankachita kugwada.

Mipopi idauma mu Seputembala, monga inkachitira chaka chilichonse. Abwana adati madzi a pachitsime cha kudambo ndi akuda, angabweretse tizilombo m'miphika, ndiye maluwa azimwa a pamjigo. Mjigowo udali kumunsi kwa chitunda, ndipo mzere wa ndowa unkayamba tambala asadatsike. Amayi ankapita katatu m'mawa uliwonse. Ndowa yoyamba idali ya tiyi ndi makapu, yachiwiri yokolopera, yachitatu ya ana a abwana. Yathu ya kunyumba inkabwera pomalizira ngati mzere walola, ndipo masiku ambiri ndinkapita kusukulu nditangosukusula kumaso ndi kupukuta mapazi. Ndikaweruka ndinkadzera kuofesi, nkuwapeza amayi akupukuta masamba limodzilimodzi ndi kansanza konyowa, komwe kadali bulauzi yanga yakale.

Ndinene chilungamo ngakhale chimandiwawa: abwana sadaname. Ofesi ija idasinthadi. Kale ukalowamo unkalandiridwa ndi fungo la mapepala akale ndi zitosi za mileme. Tsopano munkamveka kafungo ka dothi lonyowa, kaja kamachititsa munthu wa kwathu kuno kupuma mozama osadziwa chifukwa. Amayi otaipa, omwe ankakhala pakompyuta tsiku lonse akutsokomola, adachepetsa kutsokomola, ndipo ankati maso akawawa amayang'ana Kholowa pazenera nkupepukidwa. Akalaliki, omwe ikangokwana teni koloko ankasowa nkukapezeka pa bawo kumsika, adayamba kukhala pampando mpaka nkhomaliro. Alimi obwera ndi madandaulo ankafika atatupa ndi mkwiyo, ena atapalasa njinga kuchokera ku Kasakula, koma akakhala pabenchi pafupi ndi Mapasa mawu awo ankatsika. Zonsezi ndidaziona ndi maso anga, ndipo lero munthu akandifunsa ngati zomera zimathandiza muofesi ndimayankha kuti inde, zimathandiza.

Chomwe ndimawonjezera, ngati wofunsayo ali ndi nthawi, ndi chakuti madziwo amakhala atasenzedwa ndi munthu. Alendo a kulikulu ankafika nkumati, "Bwana, mwaisintha ofesiyi." Palibe adafunsa kuti masamba akunyezimira bwanji pa boma pomwe mpopi uli gwa. Pepala la pakhoma lija linkanena za umoyo wa antchito onse, koma amayi adalibe mpando m'nyumba imeneyo. Tiyi ankamwera pasitepe yakuseri, m'kapu yawoyawo yomwe siinkasakanizidwa ndi ena. Msana wawo udayamba kuwawa mwezi womwewo umene chifuwa cha amayi otaipa chidaleka.

Ndipo chopweteka kwambiri ndi chakuti amayi adawakonda maluwawo. Pa boma tidalibe ngakhale kamzere ka mpiru, ndipo iwo adali mlimi wobadwa nacho. Manja awo ankalakalaka dothi. Ndinkawamva akulankhula ndi Kaanyezi chapansipansi, kumufunsa ngati wagona bwino. Kholowa akatulutsa katsamba katsopano ankandiitana kuti ndidzaone, nkhope ili ngwee, nkhope yomwe sindinkaiona ndikawaonetsa makope anga. Ndinkachita nsanje, ndivomere. Tsiku lina ndidatsina tsamba la Chinangwa ndi chikhadabo amayi atatembenuka.

Kuchiyambi kwa Okutobala, Wamkulu adayamba kuchita chikasu. Lidayamba tsamba lam'munsi, kenaka lachiwiri, kenaka nyerere zidapanga msewu kukwera mphika. Amayi adadziwa msanga chomwe chinkachitika. Abwana ankamwa tiyi wamkaka wa shuga wambiri, ndipo akazizira sankaitana munthu, ankangotambasula dzanja nkumukhuthulira mumphika wa pambali pawo, kawiri kapena katatu patsiku. Mphika wonyezimirawo udalibe bowo pansi. Amayi adaganiza zouboola ndi msomali uja, koma adaopa kuti ungasweke. Adakawanong'oneza amayi otaipa, omwe adayankha maso ali pakompyuta, "Ndiye mukufuna mukawaphunzitse abwana kamwedwe ka tiyi?" Nkhani idathera pomwepo. Abwana ankati akalowa m'mawa amayang'ana tsamba lachikasu, kenaka nkuyang'ana amayi. Amayi adayamba kusiya chakudya m'mbale.

Sabata yomweyo atsibweni, alongo awo a amayi, adabwera panjinga kudzagula zitsulo za ngolo. Adali mlimi wa fodya wodziwika, munthu yemwe anthu ankachita kupita kukaonerera nazale yake. Adasuzumira pazenera la ofesi manja ali kumbuyo, nkufunsa kuti pamenepa chimadyedwa nchiyani, masamba kapena mizu. Ataona Wamkulu adapukusa mutu.

"Mlongo, mbewu ikachita chikasu ndi njala basi. Imeneyi ikufuna kachakudya ndi dzuwa. Mudaionapo kuti mbewu yogona m'nyumba ngati wodwala?"

Amayi adati izi si za kumunda. Atsibweni adaseka nkuti chomera ndi chomera, kaya chakwera galimoto. Pochoka adasiya feteleza wobereketsa, woyera uja, m'kapepala ka shuga. Adatapa pa wawo wochepa womwe ankasungira chimanga, ndipo adapereka ndi mtima wonse. Amayi adathokoza ndi manja awiri, nkukatsomeka kapepalako kudenga kwa kachipinda kathu, osakakhudzanso.

Ine ndidali kumbali ya atsibweni, ndipo ndidali ndi umboni. Mwezi womwewo aphunzitsi adatidzalitsa nyemba m'zitini ziwiri. Chitini china adachiika pazenera, china m'kabati. Patatha masiku khumi nyemba ya pazenera idali yobiriwira, ya m'kabati ili yachikasu, yayitali, yofooka ngati mwana wa matenda. Tidaimba m'kalasi monse kuti chomera chimafuna dzuwa, madzi, mpweya ndi chakudya, ndipo pamayeso ndidakhoza zonse zinayi. Ndiye mbali ina kudali aphunzitsi ndi atsibweni, mbali ina abwana omwe m'manja mwawo mudali mosalala ngati mwa khanda. Ndinkadabwa kuti amayi akuopa chiyani.

Uthenga wa maliro udafika Lachinayi masana ndi munthu wa kabaza. Adamwalira azakhali awo a amayi, omwe adawalera kuyambira ali aang'ono. Abwana adawalola kupita Lachisanu, koma adawakumbutsa kuti Lolemba kukubwera alendo akuluakulu, aja amapereka thandizo ku bungwe, ndipo ofesi iyenera kuwala. Mwambo woika udali Loweruka. Koma mwana woleredwa sachoka pamaliro asadasese, ndipo kusesa kudali Lamulungu. Akadachoka msanga, mudzi wonse ukadanena kuti ntchito ya pa boma yamuiwalitsa amene adamupukuta mamina. Ine adandisiya ndi eni nyumba chifukwa cha sukulu. M'mawa wa Lachisanu, atamanga kale duku, adavula chingwe cha kiyi nkundiveka m'khosi, nkulowetsa kiyiyo m'kati mwa diresi langa.

"Loweruka m'mawa, chigubu chimodzi ugawire onse. Wamkulu usamuthire. Ukatseke, ubwere. Kiyiyu asamuone munthu."

Kiyi uja adali wofunda ndi thupi lawo. Tsiku lonse m'kalasi ndinkamugwiragwira, ndipo pofika madzulo nzeru idali itakhwima. Ndidaona m'maganizo amayi akubwera Lolemba nkupeza Wamkulu ali biriwiri, abwana akuwayamika pamaso pa alendo, amayi akutembenuka nkundiyang'ana ndi nkhope ija ankayang'anira Kholowa.

Loweruka ndidalawirira ndi chigubu, thumba lakale, ndi kapepala ka atsibweni komwe ndidakatsitsa kudenga ndi mpini wa tsache. Muofesi mudali zii, mukununkhira sopo wokolopera. Miphika ing'onoing'ono ndidainyamula pamimba. Wamkulu ndidamupendeketsa, nkulowetsa thumba pansi pake, nkumukoka chafutambuyo kudutsa pakhonde, thukuta likulowa m'maso. Ndidawandandalika onse asanu ndi awiri pasimenti pomwe pankaima galimoto, malo omwe dzuwa linkafikapo kuyambira kutuluka mpaka kulowa. Ndidatseka geti ndi waya chifukwa cha mbuzi. Lamulo la abwana, mmene ndinkalimvera ine, ndidalisunga bwinobwino.

Kenaka ndidachita zomwe amayi adandiphunzitsa kumudzi ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndidasongola kamtengo. Ndidayeza chala chimodzi kuchoka patsinde, pakuti feteleza akakhudza tsinde amawotcha, nkubaya dzenje. Ndidatapa feteleza ndi chitsekerero cha botolo, chodzaza koma chosasefukira, nkuthira m'dzenjemo, nkukwirira ndi chala chachikulu kuti mphamvu isauluke. Mphika uliwonse chitsekerero chimodzi, monga phando la chimanga. Wamkulu ndidamupatsa ziwiri popeza ndiye adali wodwala. Ndidathirira onse, nkupita kumjigo kukatunga chigubu chachiwiri. Nditamaliza ndidakakhala pansi pa mtengo wa mango kulondera. Ndimaseka mowawa ndikakumbuka kuti ine mwini ndidasankha mthunzi.

Dzuwa la Okutobala pa Ntchisi silichita manyazi. Pofika masana simenti inkawotcha mapazi, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuchita kuwawa. Masamba adayamba kuwerama. Sindidade nkhawa ngakhale pang'ono, pakuti fodya wowokera amatero, amagona pansi ngati wafa, kenaka nkudzuka. Alonda a usiku a pa ofesipo atafika chakumadzulo adayang'ana miphika ija, nkuyang'ana maenje okwiriridwa, nkugwedeza mutu mokhutira. "Mwana wa mlimi," adatero. Adalonjeza kuti palibe angakhudze.

Lamulungu nditatuluka Misa ndidathamangirako. Masamba a Mapasa adali ndi zigamba zoyera, zopyapyala ngati pepala. Kholowa adali atafiira m'mphepete. Koma mawu omwe atsibweni ankakonda kunena adabwera kudzandilimbitsa, akuti fodya wowokera amafa masiku atatu, lachinayi nkuimirira. Ndidawerenga pazala, nkuona kuti masiku sadakwane. Ndidathirira kachiwiri madzi ambiri dzuwa lili paliwombo, nkuwasiya pomwepo.

Amayi adafika Lolemba mbandakucha pakabaza, maso ofiira, mawu atasasa ndi kulira. Sadakhale pansi nkomwe. Tidakwera chitunda limodzi, ine nditanyamula chigubu. Titafika pageti amayi adaima.

Fungo ndi lomwe ndimakumbuka kwambiri. Pamalopo pankanunkhira ngati m'chigafa, momwe amayanika fodya. Masamba a Wamkulu adali atapindika, ofiirira, akulendewera patsinde. Kaanyezi adasanduka udzu wofolera. Kholowa, yemwe amayi ankawerenga masamba ake, adali chingwe chouma pasimenti. Kakhonje yekha ndiye adaima chilili ngati palibe chachitika. Amayi adagwira tsamba limodzi la Mapasa, ndipo lidafumbutuka m'manja. Adagwada, nkufukula dothi ndi chala pomwe padali chidindo cha chala changa, nkupeza timibulu toyera tomwe tidali tisadasungunuke. Adayang'ana dzenjelo nthawi yayitali. Adapita pamphika wachiwiri, nkuyang'ananso, mpaka yonse isanu ndi iwiri. Kenaka adadzuka, nkuvula chingwe cha kiyi m'khosi mwanga, nkuvala iwo. Tisadakoke ngakhale mphika umodzi, galimoto idalira kumunsi kwa chitunda.

Abwana sadakalipe. Bola akadakalipa. Adatsika, nkuzungulira miphika ija pang'onopang'ono, manja ali m'matumba. Akalaliki ndi amayi otaipa adafika nkuima chapatali.

"Ndidati chiyani ine, mayi?"

"Mudati asatuluke, bwana."

"Ndiye wawatulutsa ndani?"

"Ndine, bwana."

Ndidatsegula pakamwa, koma dzanja la amayi lidatsika paphewa langa nkufinya mpaka fupa lidamva. Alonda adayang'ana nsapato zawo. Amayi otaipa, omwe ankadziwa bwino lomwe kuti amayi adali kumaliro masiku atatu, adatsokomola kamodzi nkulowa m'kati. Lero ndimadziwa kuti amayi anga akadanena zoona, akadavomera kuti adapereka kiyi wa ofesi ya makompyuta kwa kamwana, ndipo nkhani ikadatha kufika kupolisi. Ndimadziwanso kuti si chifukwa chokhacho. Akuluakulu adati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, koma sadanene kuti wamkuluyo nthawi zina amachita kuzilanda nkuzimeza yekha.

Abwana adapumira m'mwamba, nkunena mawu omwe ndakhala nawo zaka zonsezi: "Vuto la anthu inu ndi lakuti chilichonse chobiriwira mumachiyesa chimanga."

Adati miphika ichotsedwe alendo asadafike, simenti ikolopedwe, tiyi aphikidwe, ndipo zonse zikatha amayi asiye kiyi patebulo. Sindidapite kusukulu tsiku limenelo. Tidakokera miphika kudzenje la zinyalala kuseri, nkumakhuthula umodziumodzi. Titagubuduza wa Wamkulu mudatuluka chithaphwi chakuda chonunkha mkaka wosasa, masamba a tiyi, ndi mizu yofewa yowola yomwe inkathothoka yokha. Ameneyo adali atafa kale ine ndisadamukhudze. Asanu enawo adali anga, sindikana. Koma uja adayambitsa zonse adaphedwa ndi kapu ya abwana, ndipo umboni wake tidaukwirira tokha ndi phulusa kuti fungo lisafike kwa alendo.

Amayi adasamba m'manja, nkumanganso duku, nkukapereka tiyi kwa alendo atagwada. Ndidawaona pazenera. Mlendo wina ankawerenga pepala la pakhoma lija akugwedeza mutu, Kakhonje ali yekha pakona.

Mwezi usadathe tidali kumudzi. Mvula yoyamba idatipeza tikukonza mizere m'munda mwa atsibweni, omwe sadatchulepo za kapepala kaja mpaka imfa yawo, koma chaka chilichonse ankatilimira ndime imodzi osapemphedwa. Chaka chimenecho mitsinje idadzaza, ndipo sukulu ndidaiona mwa apo ndi apo. Ndidabwereza kalasi, kenaka ndidakhala pakhomo, kenaka ndidayambiranso. Ndidamaliza mochedwa ndi zaka zitatu, ndili wamkulu pakati pa tiana. Amayi sadagwirenso kiyi wa ofesi iliyonse. Adalima, adachita maganyu osoka fodya, msana uja nkumapitirira, ndipo adatisiya chaka chimodzi ndisadapeze ntchito yanga yoyamba.

Ndidadutsapo pa ofesi ija kamodzi, nditaperekeza atsibweni kuchipatala cha pa boma. Ndidasuzumira pazenera. Miphika yonse idali yodzaza ndi masamba obiriwira bwino, osaonongeka ndi limodzi lomwe. Nditayang'anitsitsa ndidaona fumbi litakhala m'mphepete mwake, ndi kamzere komwe makina adalumikizira. Adali apulasitiki. Pepala lija lidali likadali pakhoma, amayi otaipa akutsokomola pansi pake, mpando wa akalaliki uli wopanda munthu.

Lero ndili ndi tebulo langa mu ofesi ina mumzinda, ndipo pambali panga pali chomera cha masamba otambalala a mawanga oyera. Dzina lake lalitali lija ndimalidziwa tsopano. Ndimadziwanso kuti kwawo ndi pansi pa mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango, komwe dzuwa limafika litasefedwa, ndipo kufotokoza zimenezi sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Mphindi imodzi imeneyo abwana adalibe. Masana mutu ukalemera ndimachiyang'ana ndipo chimandipepuza, ndiye ndimakwiya kuti chandipepuza. Amachithirira ndi mayi wina wa ku Dowa, yemwe amafika ife tisadafike. Tiyi wanga akazizira ndimadzuka nkukamutaya kusinki.

Koma ndasiya kanthu kamodzi ka Lolemba lija. Alendo atapita, amayi adaika kiyi patebulo, nkutuluka. M'manja adalibe kanthu, pakuti tsache ndi ndowa zidali za ofesi. Chigubu chokha ndicho chidali chathu, ndipo ndidachinyamula ine. Tidatsika chitunda dzuwa likuswa mtengo, iwo patsogolo, ine pambuyo, chingwe chopanda kiyi chikugwedera pakhosi pawo. Ndinkadikira mbama. Ndinkaifuna ndithu, kuti nkhani ikhale ndi pothera. Tidadutsa msika, tidadutsa pa bawo, mbama osabwera. Titafika pamjigo paja, pomwe azimayi anzawo adali pamzere, amayi adaima osatembenuka.

"Maenje aja unakumba bwino," adatero. "Chala chimodzi kuchoka patsinde. Ndipo unakwirira."

Adapitiriza kuyenda. Ine ndidalira mokuwa pamaso pa mzere wonse, pakuti ndidayesa akundinyoza, ndipo ndidaona kuti kunyoza kotero nkowawa kuposa chikwapu. Mawuwo ndidawasunga ngati chilango zaka zambiri. Sindikadatha kumvetsa, pausinkhu umenewo, kuti amayi sankanyoza. Adali atagwada pamiphika isanu ndi iwiri, nkuyang'ana ntchito ya mwana wawo monga mlimi amayang'anira mzere wa mnzake, ndipo sadapezemo cholakwa chilichonse pa zomwe iwo adandiphunzitsa. Tsiku limenelo adalibe china choti andipatse.